Msonkhano wa Pamwamba

Kalata ya khonsolo inafika Lachiwiri
itanyowa ngodya ndi mvula ya ku Bradford.
Akuti: maganizo anu ndi amtengo wapatali.
M'munsimo timitu tisanu tozungulira,
kena kosekerera, kena kokwinya nkhope,
chongani kamodzi.
Ndinayang'ana chuku chokwawa pakhoma la bafa,
ndinafunafuna kamutu kotsokomola.
Panalibe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikulipira lendi muno,
kudandaula kwanga konse kumathera m'ketulo.
Farzana wa khomo loyandikana ndiye anandikoka dzanja:
mu komiti ya anthu a lendi muli mpando wopanda mwini,
tiye ukaukhale.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita.

Teni koloko m'mawa, ku ofesi ya m'tauni,
ine nditangoweruka ku bekale, ufa udakali m'zikhadabo.
Mabisiketi pambale. Bambo Thwaite ndi manambala awo pakhoma:
mwa zowonongeka zana, zambiri zakonzedwa m'nthawi yake.
Ndinakweza mkono, mawu akunjenjemera.
Chikepe chathu chinafa masabata asanu ndi limodzi apitawo.
Bambo Ackroyd, a m'chipinda chapamwamba penipeni,
mapazi awo sanaponde dothi chiyambire Khirisimasi.
Talemba, anatero.
Cholembera chinayenda pang'ono, n'kugona.

Usiku tinavundukula kabuku ka malamulo,
kaja timaikirapo kapu yotentha.
Tsamba lakhumi ndi chinayi, tizilembo tonga nyerere:
malo ndi nthawi ya msonkhano
anthu a lendi angathe kusankha okha.
Farzana anaseka mpaka kudzutsa mwana.

Khomo ndi khomo, masiku atatu.
Ena anatiyankhira pazenera, ena galu wawo ndiye anayankha.
Delroy anati zonsezi n'kutaya malovu,
koma anasaina, n'kutibwereka tochi.
Mayina makumi anayi ndi atatu.

Tsono Lachinayi, seveni koloko madzulo,
bambo Thwaite anaima pansi pa masitepe
chikwama m'manja, maso m'mwamba.
Ndinawatsogolera.
Pa nsanjika yachinayi nthabwala zinawathera.
Pa yachisanu ndi chimodzi babu lakufa, mdima bii,
phazi likufufuza lokha.
Pa yachisanu ndi chitatu anamasula tayi,
anakhala pansi pambali pa ngolo ya khanda
imene Oksana amaisiya pamenepo
chifukwa msana ndi umodzi.
Sindinanene kanthu. Masitepe ankalankhula bwino kundiposa.

Bambo Ackroyd anali atameta, atavala jekete la maliro ndi maukwati.
Anapereka madzi m'tambula.
Khalani, bwana, pumani kaye.
Ndinamva kuti mukufuna maganizo anga.

Tinadzaza chipinda, ena pamphasa, ena m'khonde.
Tinakangana ndithu, musaganize kuti tinali angelo:
Delroy amafuna makamera, Oksana loko wa pakhomo lalikulu,
mayi wina amangofuna nkhunda zichoke.
Pomaliza manja m'mwamba.
Ndalama za miphika ya maluwa a pageti
zigule magetsi a m'masitepe.
Lipoti la okonza chikepe tiziliwerenga tokha mwezi ndi mwezi.
Ndipo tsiku, bwana, lembani tsiku,
mawu akuti posachedwa tawadya mpaka kutikola.

Chikepe chinadzuka patatha masiku asanu ndi anayi.
Chimabuula, chimanunkha girizi, koma chimakwera.
Chuku chidakalipo pakhoma langa,
chatambasula mwendo wina kulowera kudenga.
Ndachijambula. Ndi mfundo yachitatu pa msonkhano wamawa.

Dzulo ndikuchokera ku ntchito mbandakucha
ndinapeza bambo Ackroyd panja, pafupi ndi mabini,
nyuzipepala m'khwapa, chipewa m'manja,
mvula ikuwagwa pa dazi.
Lowani, mudwala, ndinatero.
Anapukusa mutu.
Ndisiye kaye, mwanawe. Ndikunyowa.